Dziwe la Kuseri kwa Nacala

Agatha ndinadziwana naye tili atsikana kusukulu ya unamwino ku Blantyre, iye wa ku Ntcheu, ine Gertrude wa ku Mulanje. Ku Hull kuno, ku Mangalande, tinafika chaka chimodzi, nthawi ija manesi tinkachoka kumudzi motsatizana ngati linthumbu. Tinagwera m'chipatala chimodzi, ndipo kwa zaka zambiri tinkadikira basi pamalo amodzi, mphepo ya kudoko ikutiboola makutu. Choncho zimene ndikunenazi si zakumva.

Anali mzimayi wamtali, wojintcha, wa manja akuluakulu, wosachulutsa zolankhula. Odwala olemera thupi amene anzathu ankawazemba, wowatembenuza anali iye. Amuna ake, a Thompson, anamutsatira kuno ndi mwana wawo Tiya akadali wamng'ono. Anagwirako ntchito yonyamula katundu m'mashedi zaka zingapo, kenako anati akupita kumudzi kukayang'anira nyumba imene ankamanga ku Chilomoni. Anaiyang'aniradi bwino, mpaka anaikamo mkazi wina. Agatha sanatukwane. Ndinatukwana ndine m'malo mwake, iye n'kumanditseka pakamwa kuti mwana angamve.

Tchuthi chake chonse chinkathera ku maliro, ziliza ndi maukwati a ana a abale. Akangofika ku Ntcheu ankasanduka chipatala cha mudzi wonse, uyu mwendo, uyu shuga, uyu mwana sakuyamwa. Ankabwerako atatopa kuposa mmene anapitira. Sindinamuonepo akudzichitira kanthu iye mwini mpaka pamene msana unamugwira mu 2012.

Owongola mafupa kuchipatala anamuuza kuti mankhwala a msana wakewo ndi madzi, ayambe kusambira. Tinaseka mpaka misozi. Munthu woyandikira zaka makumi asanu, amene madzi akuya owadziwa anali a m'chitsime cha kwawo, akayambe kuphaphatika m'dziwe la khonsolo pamodzi ndi tiana ta azungu? Koma ululu sunyengerera munthu. Anagula chovala chosambirira chakuda, chofika m'ntchafu, n'kuyamba kupita m'mawa wa amayi okhaokha.

Miyezi yoyamba ankangokakamira m'mphepete, kumwa madziwo n'kumatsokomola, agogo achizungu a tizipewa tamphira akumudutsa mwaulemu. Sanasiye. Chaka chisanathe anandiitana kuti ndikamuone. Ine madzi ndimawakhulupirira akakhala m'kapu basi, choncho ndinakhala pabenchi chikhoti chili m'thupi. Ndinaona mnzanga akudula madzi kuchoka uku kukafika uko, kutembenuka, kubweranso, mwakachetechete, manja aja otembenuza odwala akulowa ndi kutuluka mosapupuluma. Atafika kumapeto anatulutsa mutu n'kuseka mokweza, kuseka kumene ndinakumva komaliza tili kusukulu. Ndinamva nsanje, komanso ndinalira pang'ono.

Za dziwe la ku Mozambique anamuuza ndi wodwala wina m'wodi mwathu, mkulu amene anakalambira m'sitima zapamadzi zonyamula katundu. Atamva kuti Agatha ndi wa ku Malawi, anati nyanja yanu yamchere inu ili ku Nacala, ndinakochezako kangapo. Anamufotokozera za dziwe lina lobisika kuseri kwa miyala, kofika pabwato pokha, limene nyanja ikadzaza imathiramo madzi kudzera pampata wopapatiza. Mulibe mafunde, mulibe anthu, ndipo madzi ake ndi oyera moti umaona chithunzithunzi chako pansi pamchenga. Mkuluyo anatuluka m'chipatala n'kupita kwawo, koma dziwe lake linatsala mwa Agatha.

"Getu," anatero tsiku lina tili m'basi, "ndikufuna ndidzasambire kamodzi kokha m'madzi opanda denga pamwamba, opanda fungo la mankhwala, kopanda wondiimbira wezulo kuti nthawi yatha. Zikatero ndife, zilibe kanthu."

Pa moyo wake wonse, chimene ndinamumvapo akudzifunira ndi chimenechi.

Tiya anakula, anaphunzira za mankhwala, n'kukwatiwa ndi Edmund, mnyamata wa ku Dedza amene anabwera kudzaphunzira ku Bradford, kenako n'kupeza ntchito yowerengera chuma pakampani ina kuno. Mnyamata wabwino, sindikana. Koma ulemu wake unali wakale, uja wa mkamwini amene akaona apongozi panjira amapatukira kutchire. Samuyang'ana Agatha kumaso. Sadya naye pamodzi. Akafuna kumuuza kanthu, mawu amadzera kwa Tiya, ngakhale onse atatu ali m'chipinda chimodzi. Tsono nyumba za kuno mukuzidziwa, zogundana, makwerero ake opapatiza oti anthu awiri sangapatukirane. Akamva apongozi akutsika, mwana wa anthu ankatulukira kukhomo lakumbuyo n'kukaima pamvula pafupi ndi mabini.

Tiya zinkamutopetsa. "Mum, this is ridiculous," ankatero, poti iye Chichewa amamva koma amayankha m'Chizungu. Agatha ndiye zinkamukomera. Pambuyo pa manyazi amene a Thompson anamuveka, mkamwini ameneyu anali nsalu yake yatsopano. Amayi a kutchalitchi, amene akamwini awo amatsegula okha furiji n'kumafunsa kuti kuli chiyani lero, ankamusirira poyera. Nayenso ankabweza ulemuwo mosaphonya. Edmund akakhala pakhomo, mpango kumutu, chitenje m'chiuno, ngakhale m'nyumba mukutentha ndi hita.

Mu 2017 kunali komanga chiliza cha amayi ake a Agatha. Kwa nthawi yoyamba mnzanga anaba masiku ochepa patchuthi chake, osauza aliyense wa ku Ntcheu kuti wafika kale m'dziko. Tinapangana atatu, iye, Tiya ndi ine, akazi okhaokha. Tinapezeratu dalaivala woti atitenge ku Blantyre, kudzera pa Muloza, mpaka kunyanja.

Titatuluka pabwalo la ndege ku Chileka, amene anaima pagalimoto sanali dalaivala uja. Anali Edmund, manja kumbuyo, maso pansi. Tiya anaomba m'manja n'kunena kuti ndi "surprise". Anamuuza dalaivala kuti asavutike, mwamuna wake wapempha tchuthi, watsogola dzana, ndipo atiyendetsa yekha, banja lonse pamodzi. Mwanayo nkhope yake inkawala, akudikira kuti amake amukumbatire.

"Zikomo kwambiri," anatero Agatha. "Tiya, uwathokoze abambo." Ankanena Edmund.

Anakhala kumbuyo kwenikweni kwa woyendetsa kuti maso asakumane pagalasi.

Titaima pa Mocuba kuthira mafuta, ndinamukokera Tiya pambali. Ndinamuuza mosapsatira kuti amako sangavule n'kulowa m'madzi mwamuna wako ali pomwepo, ndiye umuuze kuti tsiku la dziwelo adzatsale kogona alendo. Anandigwira paphewa ngati mmene timachitira ndi odwala osokonezeka mutu.

"Oh, Auntie. He's family. It'll be fine, I promise."

Sanamuuze. Kwa iye kunali kulakwa kusiya munthu amene wayendetsa galimoto mtunda wonsewo kuti atsale yekha akuyang'ana khoma. Mmene ankaonera iye, amake ndi mwamuna wake ankangofunika kuwakankhira pamodzi kamodzi, manyazi n'kuthera pomwepo. Sindimuda Tiya. Anakulira kuno, ndipo amene tinamulera chotero ndi ife tomwe.

Titafika ku Nacala, m'mawa wa tsikulo tinamupeza Edmund ali kale pagombe, atanyamula zikwama. Mwini bwato anali bambo wina dzina lake Mussa, wa imvi m'ndevu, amene nthawi ya nkhondo anakulira kumsasa wa othawa kwawo ku Mulanje, moti Chichewa ankachilankhula ngati wakwathu. Anatichenjezeratu tisanakwere.

"Ndikakutsitsani ndipita kukaona miono yanga. Madzi akayamba kubwerera ndidzakutengani. Ndikadzati tiyeni, ndiye tiyeni, apo ayi bwato likhala pamatope, ife tikhala chakudya cha udzudzu."

Ndinaganiza zoti tikangotsika ndimutengere Edmund pambali, ndimuuze ndekha monga azakhali. Koma nyanja inandikana. Bwato lisanapite patali m'mimba munayamba kutembenuka, ndipo pamene tinkatsika pa kamchenga kena pakati pa mitengo yomera m'madzi, ndinathamangira patchire kukabweza tiyi yense wa m'mawa. Ndinakhalako ndithu, nditagwira mtengo, dziko likuzungulira. Anzanga anatsogola ndi kanjira kokwera m'miyala.

Nditawapeza, mseru ndinauiwala. Mkulu wa sitima uja sananame. Miyala yakuda inazungulira mbali zonse, yaitali kuposa nyumba, pamwamba pake pali zitsamba. Pakati pake panali madzi obiriwira mopepuka, osagwedezeka, oonekera mpaka pansi. Tinsomba tamizeremizere tinkayenda m'magulu pamwamba pa mchenga woyera. Nyanja inkamveka kuseri ikuwomba miyala, koma m'katimo munali zii, mbalame imodzi yokha ikulira penapake. Agatha anali ataima m'mphepete, nsapato atavula, dzanja lili pamfundo ya chitenje. Chovala chosambirira anali atachivaliratu m'kati mwa diresi kuyambira m'mawa.

Zikwama zinali pamwala, Edmund palibe.

"Abambo alowera kuti?" Agatha anafunsa Tiya motsitsa mawu.

Tiya anali atavula kale, akumanga tsitsi. "He's around, Mum. Probably up there somewhere." Analoza pamwamba pa miyala. Anati anamuuza dzulo kuti ajambule kanema amake akamalowa m'madzi koyamba, ndiye mwina wakwera kukafuna malo oonekera bwino. Atatero anadziponya m'madzi.

Agatha anayang'ana pamwamba pa miyala ija, mbali iyi, mbali iyo. Dzanja linachoka pamfundo. Anakhala pansi pafupi ndi zikwama.

Ndinakwera miyala imeneyo ine, ndi mawondo angawa, ndikuitana dzina la mwana wa eni ngati mbuzi yosochera. Sanayankhe. Ndinatsikira kumchenga kuja, ndinapeza bwato palibe, ndinati inde, Mussa wapita ku miono yake monga ananenera. Ndinasuzumira m'mitengo, ndinaponda matope, nkhanu zikundithawa. Ndinabwerera thukuta lili kamukamu.

"Sindikuwaona paliponse. Lowa m'madzi, iwe."

"Kusawaonako ndiye vutolo, Getu. Akanakhala poonekera ndikanadziwa pobisala."

"Ndiima pakanjira apa. Akangotulukira ndiwabweza."

"Nanga akatulukira pamwambapo ndi foni m'manja?"

"Ndiye lowa ndi diresi lomwelo."

"Diresi lonyowa pamaso pa mkamwini? Bola kuvuliratu."

Ndinapsa mtima. Ndinamukumbutsa m'mawa monse muja ankadzuka kukadali chisanu, madzi onse a khonsolo amene anamwa, mtunda wonse umene tayenda. Ndinamuuza kuti manyazi anapha lambe. Anangoti akudziwa, tidikire pang'ono, abambo akabwera Tiya awatume kwina ndipo alowa. Tiya naye, m'malo mothandiza, ankangoti akasambirasambira n'kuimika mutu, kufuulira kumiyala kuti Edmund fulumira, amayi akudikira iwe. Kufuula kulikonse, Agatha ankakokera chitenje kumapazi.

Dzuwa linakwera. Kenako anasendera m'mphepete n'kuviika mapazi mpaka mu akakolo. Tinsomba tija tinabwera kudzamujompha zala.

"Ndi ofunda, Getu," anatero. "Ngati a m'bafa la mwana."

Anakhala choncho akuonerera mwana wake, amene kusambira kwake n'kwa phokoso, komenya madzi ngati akuchapa. Nthawi ina ndinamumva akunena chapansipansi kuti tambasula mkono, usathamange, ndipo phewa lake lomwe linkayenda pang'ono. Ine ndinakhala pambali pake ndikulondera matawulo. Azimayi awiri achikulire, kuchoka ku Hull mpaka kuno kudzalondera matawulo.

Ndinayamba kuona mzere wonyowa pamiyala, pamene madzi anali poyamba. Posakhalitsa tinamva Mussa akuitana kuchokera kumchenga kuti tiyeni.

Titatsikira kubwato tinapeza Edmund ali momwemo, atapinda buluku mpaka m'mawondo, atafulatira kanjira, akusankha nsomba za m'miono. Mussa ankamwetulira mano onse.

"Mayi, mkamwini uyu munamupeza kuti? Atangotula katundu wanu anathamangira kuno, akuti tiyeni tichoke, tipite kutali, tisabwere msanga, amayi asambire momasuka. Ndamuzungulitsa mpaka kuseri kwa chilumba icho. Ana a masiku ano otere kulibe."

Atatha kulankhula ndi pamene anaona mpango wa Agatha uli gwa, diresi louma, kunyowa mapazi okha. Kumwetulira kuja kunazima. Edmund anacheuka pang'ono, anaona m'munsi mwa chitenje cha apongozi ake, nsomba imene inali m'manja mwake inagwera m'bwato.

Tiya anamulusira m'Chizungu, kuti bwanji sunanene, ukanangonena mawu amodzi okha.

"Ndikanayamba bwanji, Tiya?" anayankha Edmund, maso ali pa nsomba. "Pamaso pa amayi, ndikanati ndikuchoka kuti atani? Ndimayesa aona okha kuti ndachoka."

"Usawakalipire abambo," anatero Agatha. "Achita bwino."

Ndinamuchonderera Mussa kuti atipatse kanthawi kochepa chabe, munthuyu angolowa n'kutuluka. Anandilozera ngalande imene tinalowera, matope atayamba kale kutukula misana. Tinakwera. Agatha anakhala kutsogolo, atafulatira tonse, mpaka tinakafika.

Kubwereranso mawa lake sikunatheke. Ku Ntcheu amisiri a chiliza anali atafika, abusa atapatsidwa tsiku, abale ochokera kutali ali m'njira. Tinanyamuka kukadali kachisisira ka m'mawa. Kumudziko Agatha anaphika, anagwada, analandira alendo, anayeza magazi a nkhalamba zonse za m'mudzimo. Palibe anadziwa kuti anapita kunyanja.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti nkhaniyi itafika ku Hull inasanduka yokoma. Tiya anaifotokoza kwa mnzake modandaula, mnzakeyo anauza amake, ndipo pofika Lamulungu amayi a kutchalitchi anali akuigwedezera mitu mokhutira. Onani mkamwini wodziwa mwambo. Onani mayi wodzilemekeza, kufika pamadzi penipeni koma osaiwala kuti ndi mpongozi. Anamusankha kukhala mlangizi wa atsikana okonzekera ukwati. Ndinawauza pamsonkhano kuti palibe chotamandika apa, munthu analandidwa chinthu chake chimodzi chokha ndi anthu omukonda, ndipo nonsenu mukuombera m'manja. Anati Gertrude ndi wamkamwa kuyambira kale.

Kudziwe la khonsolo anapitabe, koma modumphadumpha. Ankati fungo la mankhwala lija layamba kumuchititsa mseru. Tinapangana kuti tidzapitanso ku Nacala awiriwiri, osauza mwana aliyense. Tchuthi cha chaka chotsatira chinadyedwa ndi maliro a mlongo wake. Kumayambiriro kwa 2019, akuvula yunifolomu pambuyo pa shifiti, anagwa m'chipinda chosinthira zovala. Inali sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, mkono ndi mwendo, ndipo pakamwa panapotoka.

Atatuluka m'chipatala, Tiya ndi Edmund anamutengera kwawo. Osamalira odwala a boma amabwera m'mawa, kumupukuta mothamanga n'kuthamangira khomo lina. Ntchito imeneyo ndimaidziwa, sindiwanena. Koma munthu amafuna kulowa m'bafa ndithu kamodzi pa sabata, ndipo Agatha si wopepuka. Tiya anali ndi pakati potopa, sakanatha kumunyamula. Ine mashifiti, komanso msana wanga nawo unatha kalekale. Kumudzi kukanakhala azichemwali, azilamu, adzukulu aakazi odzaza nyumba. Kuno kunali Edmund.

Loweruka lina masana ndinafika akumaliza kumusambitsa. Chitseko cha kubafa chinali chotsegula chifukwa anthu atatu sakwanamo. Ndinaona Edmund atawerama, mkono umodzi kumsana kwa apongozi ake, wina pansi pa mawondo, akumutulutsa m'madzi. Nkhope anaipotolera kudenga mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Tiya ankayesa kufunditsa amake thawulo, thawulolo n'kumatsetsereka. Agatha anali atatsinzina. Mnyamatayo anayenda naye chammbali m'kanjira kopapatiza, anamukhazika pabedi mosamala, anati zikomo amayi, n'kutulukira kuseri kwa nyumba. Tiya anatsika kukateleka tiyi.

Ndinatseka chitseko, ndinamuveka. Mawu ake masiku ano amatuluka olemera, koma ine ndimawamva onse. Anayang'ana mkono wake wakumanja uli pamwendo ngati wa munthu wina.

"Ndi mwana wabwino, Getu."

"Ndikudziwa."

"Loweruka lililonse akulinyamula thupi lomweli, lopuwala, lonunkha mkodzo. Poti kunali koti adzaliona ndithu, bwenzi ataliona tsiku lija, lili m'madzi, likugwira ntchito yake."

Ndinatenga mafuta patebulo n'kuyamba kumudzoza mwendo.